Buku Loyambira Kumbuyo

Ndinalipeza m'thumba la jekete
pa mulu wa kaunjika, tsiku la msika pa Kamwendo,
kabuku kothothoka chikuto, konunkha sopo wa dziko lina.
Zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope,
zotsika mzere mzere ngati madontho a pakhonde.
Sindinawerenge liwu ndi limodzi lomwe.
Ndinawerenga nkhope.

Anyamata awiri. Wina wa magalasi, wina wa tsitsi losapesa.
Patsamba loyamba anali mu ambulera imodzi,
phewa la wamagalasi litanyowa chonyowa
chifukwa anaipendeketsera kwa mnzake.
Ndinatseka msanga, n'kucheuka uku ndi uku
ngati wozula mtedza m'munda wa eni.
Ndinalipira jekete yosandikwana n'komwe.

Usiku, ndi tochi ya foni, ndinapitiriza.
Kapu yawo ya tiyi inali ndi mzere wowala m'mbali.
Masamba angapo kutsogolo, inali zidutswa pansi.
Kenako tsamba loyera mbee,
dzanja limodzi lokha likulendewera pakona.
Pomaliza anaima pa siteshoni ya sitima,
wina uku, wina uko, osayang'anana,
ngati anthu oti sanapisepo m'mbale imodzi.
Ndinati eya, ndi mmene zimathera,
ngakhale ku Japani komweko.

Yotamu, nawenso unkapendeketsa ambulera.
Kuchokera kumsika mpaka pa mlatho wa Bua
anthu ankati taonani chibale,
ife n'kumwetulira, n'kumeza mawu otsalawo.
Tsiku lomwe mlamu wako anatipeza titakolana zala
kuseri kwa chigafa cha fodya
unawoloka pa Mwami ndi kachikwama kamodzi.
Dzinja lachinayi lino.
Nambala yako amayankha ndi mayi wa kampani uja
wondiuza mwaulemu kuti sukupezeka.

Ndinkalitsegulabe bukulo, monga lilime
limabwerera pa dzino lobowoka.

Esinati, mwana wa mlongo wanga, atabwera holide kuchokera ku Ludzi,
analipeza kunsi kwa matiresi akusesa.
Mtima wanga unagwera m'mimba.
Anayang'ana anyamatawo, anayang'ana ine,
sanafunse kanthu.
Anangoti, "Amalume, chizindikiro mwaika kolakwika.
Mabuku awa amayambira kumbuyo.
Inu mwakhala mukuligwira kumchira."
Anapitiriza kusesa.

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi losawolalo.

Siteshoni ija ndiye poyambira.
Sakuyang'anana chifukwa sanadziwane.
Tsamba loyera lija si manda,
ndi mpweya umene munthu amakoka asanagogode pachitseko,
ndipo dzanja lija silikugwa, likutambasuka.
Kapu imaswekadi, zimenezo sizinasinthe.
Koma taona watsitsi losapesa wagwada,
akutola kachidutswa kalikonse, chala chikuchucha magazi,
akumata usiku wonse,
ndipo mng'alu sakuubisa ayi,
akuupaka golide kuti uoneke bwino,
kuti womwera adziwe pomwe panapweteka.
Kenako mvula. Kenako ambulera.
Phewa lonyowa lija ndiye mawu otsiriza.

Ndinalira mopanda phokoso,
Esinati akumenyetsa tsache kukhoma panja
nthawi yaitali kuposa mmene tsache limafunira.

Sindikunama, Yotamu, sunabwere.
Sitima ya kuno imachita kuiwala njira,
udzu wamera pakati pa njanji.
Jekete ija ili pa msomali; ndi saizi yako, ndinadziwa kale.
Koma ndayamba kutiwerenga kuchokera mbali inayo:
chigafa, mlatho, mvula,
mpaka m'mawa uja unandibwereka pampu ya njinga
usanadziwe dzina langa, ukuseka ndi mano onse.
Pamenepo ndiye ndimatsekera.

Dzulo yagwa yamphamvu ndikuchokera ku boma.
Ndili pakati pa njira ndinazindikira
kuti zaka zonsezi ndimayenda nditaipendeketsa,
kufunditsa mphepo, ine ndikunyowa.
Ndinaiwongola pang'ono.
Dzanja linakana, kenako linalola.
Ndinafika kunyumba mapewa onse awiri ali ouma,
nsapato zokha zitadzaza matope.